Kanjedza wa mumphika ndi mbewu ya ndalama, koma safuna phuma

Mukapita ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukagulitsa tomato ndi kabichi, mudzaponye maso m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Pansi pa mitengo pamakhala anthu atayala maluwa ndi timitengo ta m'machubu, ndipo magalimoto amaima pamenepo tsiku lonse. Pakati pa katunduyo simulephera kuona kanjedza wa masamba otambasuka ngati chikhatho, yemwe ogula amakamuika pabalaza, pakhonde, mu ofesi kapena polandirira alendo kuhotela. Ambiri timangodutsa n'kunena kuti zimenezo n'za anthu a m'tauni, maluwa sadyedwa. Inde sadyedwa. Fodya nayenso sitidyera nsima, koma tamulima zaka zonsezi. Ine ndikuti kanjedza ameneyu ndi mbewu ngati ina iliyonse, ndipo inu amene mumatha kusamala nazale ya fodya kapena ya mitengo muli kale ndi luso lambiri lofunika. Chovuta n'kudekha, komanso kumuuza zoona wogula.

Tiyambe tagwirizana za mtengo womwe tikukamba. Ukayang'ana masamba, akanjedza alipo a magulu awiri. Ena masamba awo ali ngati nthenga ya nkhuku, monga kanjedza wa m'mbali mwa mitsinje yemwe timanyamula pa Lamulungu la Kanjedza, chiwale ndi kokonati. Ena masamba awo amayambira pamalo amodzi n'kutambasuka ngati zala za dzanja. Gulu lachiwirili si lachilendo kwa ife. Mgwalangwa, womwe umatipatsa mlaza wolukira mikeka, madengu ndi zipewa, uli m'gulu limeneli. Mvumo nawonso, mtengo wautali wotupa pakati pa thunthu womwe mumauona m'zigwa za kunyanja ndi m'mbali mwa Shire.

Apa ndiye pali msampha woyamba. Munthu akamva kuti kanjedza wa masamba a chikhatho ali ndi msika, amatenga khasu kupita kuthengo kukakumba timigwalangwa. Musachite zimenezo. Njere ya mgwalangwa kapena ya mvumo ikamamera, imayamba yatumiza chinthu chonga muzu pansi kwambiri, ndipo kamtengoko kamayambira komweko pansi, tsamba loyamba n'kudzatulukira pamwamba patapita miyezi. Chimene inu mukuchiona ngati kambande kakang'ono chili ndi mtima wake kutali, ndipo khasu limadula pomwepo. Masamba a mlaza ndi olimba, amatha milungu ingapo ali obiriwira ngakhale mtengo utafa kale, choncho wogula amanyamula mtembo osadziwa. Akadzazindikira, sabweranso kwa inu, ndipo amauza anzake. Komanso mitengo iwiriyi ndi ya padzuwa lang'ang'a, m'nyumba singakhale. Isiyeni kuthengo komwe amayi oluka mikeka akuidalira.

Oyenera mumphika ndi ochokera kunja, ndipo atatu ndiwo muyenera kuwadziwa ndi maina omwe, chifukwa wogula wina amafunsa.

Woyamba ndi Livistona chinensis, wochokera kummwera kwa China, Taiwan ndi zilumba za kummwera kwa Japan. Nsonga za masamba ake zimalendewera ngati mphonje, ndipo mapesi ake ali ndi timinga chakumunsi. Mukamva dzinalo musaganize za David Livingstone. Katswiri wa zomera Robert Brown analipereka mu 1810 pokumbukira Patrick Murray wa ku Livingston ku Scotland, Livingstone wathuyu asanabadwe n'komwe. Ameneyu ndiye ndingalangize woyamba kumene. Amapirira kuzizira kwa June ndi July, amakhululuka ukaiwala kuthirira tsiku limodzi, ndipo komwe kuli mitengo yaikulu njere zake zobiriwira modera zimayoyoka zambirimbiri. Panthaka amatalika kupitirira mamita 9, koma mumphika amakula pang'onopang'ono moti amatha zaka ali wofika m'chiuno.

Wachiwiri ndi Rhapis excelsa, wa kummwera kwa China. Ameneyu amamera chiphata ngati nsungwi zing'onozing'ono ndipo amabereka ana m'mbali ngati nthochi. Pa onse atatu ndiye amapirira kwambiri malo a mthunzi, n'chifukwa chake amakondedwa m'maofesi. Kwa mlimi ubwino wake ndi wakuti sudikira njere. Ukakhala ndi tsinde limodzi lalikulu, umapatula mwana wokhala ndi mizu yake n'kumubzala payekha. Kuipa kwake n'kwakuti tsinde loyambiralo umachita kugula, ndipo anawo sabwera mwachangu.

Wachitatu ndi Licuala grandis, wa ku zilumba za Vanuatu m'nyanja ya Pacific. Tsamba lake siligawikana, limakhala lozungulira lamakwinya ngati siketi ya yunifolomu yositidwa bwino. Ndi wokongola kuposa anzakewo, koma ndi wanyuzi. Kwawo amamera pansi pa nkhalango zamvula, kotentha ndi kwachinyezi chaka chonse, ndipo kukazizira kutsika madigiri 15 amayamba kudandaula. Ngati muli ku Dedza, ku Ntcheu kapena kumtunda kwa Mzimba, musataye naye ndalama. A ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, komwe mpweya ndi wofunda ndi wachinyezi, akhoza kumuyesa, koma atayamba aphunzira pa Livistona.

Pali wina wotchedwa Washingtonia, wa ku Mexico ndi California, yemwe amamera msanga ndi kukula mofulumira. Pachifukwa chimenechi ogulitsa amamukonda. Ndi wabwino kubzala pabwalo kapena m'mbali mwa msewu wolowa pakhomo. M'nyumba amafooka, mapesi n'kutalika mopanda mphamvu, chifukwa ndi wa m'chipululu wofuna dzuwa lathunthu. Mugulitseni ngati wa panja basi.

Tsopano langizo langa lalikulu ndi ili: musanafese njere 200, sungani kanjedza mmodzi m'nyumba mwanu chaka chathunthu. Aone chisanu cha June, kutentha kwa October ndi chinyontho cha February muli naye pafupi. Zimene mudzaphunzire pa mtengo umodziwo ndi zomwe wogula adzakufunseni, ndipo palibe mlangizi angakuphunzitseni bwino kuposa mphikawo.

Chinthu choyamba chomwe mudzazindikire n'chakuti nyumba zathu zambiri n'zamdima. Kawindo kamodzi kakang'ono, nthawi zina kotsekedwa ndi katoni, sikangadyetse mtengo. Chomera chimapanga chakudya chake ndi kuwala, feteleza amangothandizira. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati masana simungawerenge nyuzipepala ino pamalopo osayatsa nyali, kanjedza sangakhalepo. Malo abwino ndi pafupi ndi windo loyang'ana kummawa, pomwe amalandira dzuwa la m'mamawa n'kuthawa la masana, kapena pakhonde. Kwa ambiri a ife khonde ndiye yankho. Dzuwa la masana lodutsa pagalasi limawaula masamba, n'kusiya zigamba zotuwa zomwe sizichira. Muzitembenuza mphika pang'ono mlungu uliwonse kuti asapendekere mbali imodzi. Ndipo musamuike m'chipinda chomwe mumayatsamo mbaula kapena chomwe utsi wa kukhitchini umalowa, chifukwa mwaye umamata masamba ndipo mpweya wotenthawo umaumitsa nsonga.

Nkhani ya madzi ndiyo imapha akanjedza ambiri, ndipo amafa ndi kuchuluka kwa madzi, osati kuchepa. Ife tinazolowera dimba, komwe kuthirira m'mawa ndi madzulo ndiye kulimbikira. Mumphika wa m'nyumba mulibe dzuwa ndi mphepo zoumitsa dothi msanga. Mizu imapuma mpweya, ndipo ikakhala m'matope masiku angapo imaola. Choipa kwambiri n'chakuti mtengo wa mizu yoola umaoneka ngati waludzu: masamba amafota ndi kuchita chikasu, mwini n'kuwonjezera madzi, basi wamaliza. Musathirire potsata kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yoyamba kapena yachiwiri. Ngati pauma, thirani madzi ambiri mpaka atulukire pansi. Ngati pali chinyezi, siyani. Mu October mwina mudzathirira kawiri kapena katatu pa mlungu, pamene mu June mlungu wonse ukhoza kutha osafunika dontho. Madzi otsalira m'mbale ya pansi pa mphika muzitaya, chifukwa amaoletsa mizu komanso amaswetsa udzudzu m'nyumba momwe mukugona ana.

Madzi ake nawonso asankhidwe. Mijigo ina, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, imatulutsa madzi amchere. M'munda mvula imatsuka mcherewo, koma mumphika umangounjikana. Mukaona zoyera ngati ufa pamwamba pa dothi kapena m'mphepete mwa mphika, nsonga za masamba n'kumapsa, vuto ndi limenelo. Madzi a mvula a padenga ndiwo abwino koposa. Kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu tulutsani mphika panja n'kuthira madzi ochuluka kuti atsuke dothi lonse. Mvula yowaza ikamagwa, mutulutseni asambe, bola mumubweze dzuwa lisanawale.

Mphika ukhale wobooka pansi. Ndowa yakale, chigubu chodula kapena mphika wadothi wa amayi oumba mbiya, zonse zimagwira ntchito malinga zili ndi mabowo. Wadothi ndimaukonda chifukwa umapuma m'mbali, ndipo kugula kwa oumba a m'mudzi mwanu kumakweza mtengo wa katundu wanu ndi wawo womwe. Dothi la makande kapena la pachulu lokha musaligwiritse ntchito, limagwirana ngati njerwa. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pansi pa mitengo, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Komwe kuli mpunga, mankhusu owolerana kapena owaula amathandiza kuti dothi lisaumbike. Tizidutswa ta makala natonso n'tabwino. Manyowa a nkhuku osapsa ndi poizoni mumphika. Pobzala musakwirire thunthu. Dothi lilekezere pomwe mizu yayambira, ndipo mphika usakhale waukulu kwambiri kuposa mizu, chifukwa dothi lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali. Kusamutsira mumphika wokulirapo pang'ono kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu n'kokwanira, ndipo posamutsa musasasanthe kapena kudula mizu.

Pa feteleza ndikudziwa kuti dzanja lanu lidzathamangira ku thumba la Urea lotsala kumunda. Gwirani mtima. Kanjedza amafuna potaziyamu ndi maginiziyamu wochuluka kuposa momwe chimanga chatizolowezera. Taonani manambala a pathumba: lachitatu ndilo la potaziyamu. Pa 23:21:0+4S, uja timati chitowe, pali ziro, ndipo Urea ndi nayitirojeni yekhayekha. Mukamuthira zimenezi amatulutsa masamba atsopano mofulumira, koma chakudya chomangira masambawo amachilanda ku masamba akale, omwe amayamba madontho achikasu ndi kupsa nsonga. Ndi chizindikiro cha kusowa potaziyamu. Pamene m'mphepete monse mwa tsamba lakale mwachita chikasu pakati pali pobiriwira, ndiye kuti maginiziyamu wachepa, ndipo kasupuni kakang'ono ka mchere wa Epsom, womwe umapezeka m'mafamase, kosungunula m'malita 5 a madzi kamathandiza. D Compound wa fodya ali ndi potaziyamu, choncho ndi woyenererapo. Kachitsekerero ka botolo kosadzaza, komwaza m'mphepete mwa mphika kutali ndi thunthu n'kuthirira, kawiri kapena katatu m'miyezi yotentha, n'kokwanira pa mphika wa malita 10. M'nyengo yozizira musathire kanthu, mtengo umakhala ukupuma. Phulusa lili ndi potaziyamu, koma lochuluka limawononga dothi la mumphika, ndiye kachala chabe mwa apo ndi apo.

Chinthu china chimene mlimi wozolowera mango ndi malalanje amalakwitsa ndi mpeni. Kanjedza si mtengo wodulira. Mamangidwe ake ali ngati a chimanga: alibe nthambi, mizu yake ndi yofanana yochokera patsinde, ndipo thunthu lililonse lili ndi mtima umodzi wokha pamwamba, pomwe masamba atsopano amatulukira. A ku Chigwa cha Shire amadziwa chomwe chimachitikira mgwalangwa wogomedwa uchema. Mtima ukasemedwasemedwa, thunthu limenelo latha. Ndiye ngati kanjedza watalika kufika kudenga, simungamudule mutu kuti aphukire m'mbali. Mutulutseni mukamubzale pabwalo kapena mumugulitse kwa wa malo aakulu. Bala la pathunthu nalonso silipola. Tsamba lodula ndi lokhalo lomwe laumiratu. Lomwe langoyamba chikasu lisiyeni, chifukwa mtengo ukusamutsa chakudya kuchoka mmenemo kupita ku masamba aang'ono. Nsonga zopsa mukhoza kumeta ndi sizasi kuti aoneke bwino, osalowa pobiriwira.

Adani ake mukuwadziwa kale. Kangaude wofiira yemwe amavutitsa tomato mu September ndi October amakondanso kanjedza wa m'nyumba youma ndi yafumbi. Masamba amatuwa ngati awazidwa phulusa, ndipo kunsi kwake mumapeza tiulusi. Palinso tizilombo toyera ngati thonje ta mtundu wa kodikodi wa chinangwa, tobisala m'makwinya ndi m'munsi mwa mapesi, ndi tina tomata ngati nkhanambo. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, funafunani, zikuweta timeneti. Mankhwala oyamba ndi kansalu konyowa. Pukutani masamba pamwamba ndi kunsi kamodzi pa milungu iwiri, ndipo mavuto ambiri simudzawaona. Akabuka, tsukani ndi madzi a sopo wochepa kapena a masamba a nimu osinja, mubwereze pakatha mlungu mpaka katatu. Mankhwala opopera thonje ndi tomato asalowe m'nyumba momwe anthu amadyera ndi kugona. Mtengo wokongoletsa si chifukwa choika ana pachiswe.

Mukakhutira kuti mwamudziwa, ndiye mufese. Njere za kanjedza sizisungika ngati za chimanga. Zikauma miyezi ingapo, zambiri zimafa. Pemphani kwa eni mitengo yaikulu, m'mabwalo a nyumba zakale, mahotela ndi mamishoni, mutole zakupsa zongogwa kumene. Chotsani mnofu wonse, muziviike m'madzi tsiku limodzi kapena awiri mukusintha madziwo, kenaka mufese mumchenga wosakaniza ndi manyowa, mozama ngati kukula kwa njereyo. Zimafuna kufunda kwa madigiri 25 mpaka 30, choncho September ndi October ndi miyezi yabwino, pansi pa shedi ya udzu ngati ya nazale ya mitengo. Livistona amamera pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Licuala akhoza kukudikiritsani miyezi 6 kapena kupitirira, ndipo njere sizimerera pamodzi, ndiye musafulumire kutaya dothilo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba loyamba limatuluka lowongoka ngati udzu, losafanana n'komwe ndi chikhatho, moti mwana wotumidwa kukazula udzu akhoza kukumalizirani nazale yonse. Muokereni m'machubu akakhala ndi tsamba limodzi kapena awiri, mosamala kuti njere isathothoke, chifukwa akudyabe mmenemo. Mbande zitatu mumphika umodzi zimapanga chitsamba chodzaza chomwe chimakopa maso msanga kuposa imodzi.

Kuchoka pa njere kufika pa mtengo woti munthu n'kuimitsa galimoto, werengerani zaka ziwiri kapena zitatu. Apa ndi pomwe wotsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindimukanira. Zaka zitatu ukuthirira chinthu chosakupatsa kanthu, pamene mpiru umalowa pamsika patangotha mwezi ndi theka, si nkhani yamasewera kwa banja lomwe likusowa ya sopo lero. Msika wakenso ndi wopapatiza. Pa msika wa pamudzi palibe adzagule. Ogula ali m'mizinda, m'malo ogona alendo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, m'maofesi ndi kwa omanga nyumba zatsopano. Choncho ngati muli kutali ndi msewu wa tara, kapena chitsime chanu chimaphwa mu October, mbewu iyi si yanu, kupatula mmodzi wokongoletsa khonde. Ndipo aliyense asachotse ndime ya chimanga kapena ndalama ya feteleza chifukwa cha nkhani ino.

Koma taonaninso mbali inayi. Machubu 100 amakwana pamalo ochepa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango pomwe palibe china chingamere. Tomato akapsa, mumagulitsa pa mtengo womwe vendala wanena, apo ayi aola. Kanjedza akapanda kugulidwa mwezi uno amangokula, ndipo chaka chamawa ndi wodula kuposa lero. Mbewu zokhala ndi khalidwe limeneli n'zochepa. Zili ngati mbuzi ya m'khola, yomwe umagulitsa tsiku lomwe wafuna iwe. Mukamafesa pang'ono chaka chilichonse, pakatha zaka zitatu mumakhala ndi ogulitsa chaka ndi chaka. Ena aakulu bwino osawagulitsa n'komwe: okongoletsa maukwati ndi misonkhano amafuna mitengo ya tsiku limodzi, ndipo mphika womwewo ukhoza kubwerekedwa kambirimbiri n'kubwerera kwanu. Pa zotere gulu limaposa munthu mmodzi, chifukwa wa hotela amafuna miphika 20 yofanana msinkhu, ndipo mtengo wa galimoto mumagawana.

Wogula akapezeka, musamupatse mtengo wochoka padzuwa lero kuti ukalowe m'nyumba mawa. Masamba okulira padzuwa sagwira bwino ntchito mumthunzi, ndipo mtengo umayamba kufooka mwezi womwewo. Omwe mukufuna kugulitsa ngati a m'nyumba muwasunthire mumthunzi wokulirapo pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri. Ponyamula pa njinga kapena pa lole, mangani masamba pamodzi n'kukulunga ndi thumba, chifukwa mphepo ya pamsewu imawang'amba, ndipo tsamba long'ambika limatenga miyezi kuti lilowedwe m'malo. Mufunseni wogulayo komwe akamuike. Akati pakona yamdima, mupatseni Rhapis kapena mumuuze kuti asunthire pawindo. Kenaka mulembereni pakapepala dzina la mtengo, za chala m'dothi, za kutaya madzi a m'mbale ndi za kusadula mtima, pansi pake nambala yanu ya foni, kuti pakatha zaka ziwiri mphika ukadzachepa adzaitane inu kudzausintha.